Ulendo wokaona mbalame zam'matope kuchokera ku Mzuzu: wotsogolera ndi waluso, koma mwezi wopitira musankhe nokha

Mu mzinda wa Mzuzu muli kagulu ka achinyamata kamene ntchito yake ndi kutengera anthu kumadambo ndi kugombe la nyanja kuti akaone mbalame, ndipo ngakhale kuti makasitomala ake ambiri ndi alendo ochokera kunja, masiku ano kayamba kuitanira ndi ife eni dziko kudzera pa Facebook ndi pa WhatsApp. Pa maulendo onse amene achinyamatawa amakonza, umene amaunyadira kwambiri ndi wokaona mbalame zoyenda m'matope, zija zamiyendo yaitali ndi milomo yopyapyala, zimene zimaswera kumpoto kwenikweni kwa Ulaya ndi Asia koma n'kumadzakhala kuno miyezi ingapo chaka chilichonse. Ndayenda nawo m'chilimwe komanso kumapeto kwa dzinja, ndipo maganizo anga ndi akuti ndalama zake sizipita pachabe, malinga ngati mwezi wopitira mwausankha nokha, osangotsatira zimene zalembedwa pa chikalata chawo chotsatsira malonda.

Ulendo wawo waukulu ndi wa ku nyanja ya Kazuni, m'malo osungirako nyama zakutchire a Vwaza Marsh, amene ali kumalire ndi dziko la Zambia ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,000. Galimoto imanyamuka kusanache, imadzera msewu wa M1 kudutsa pa Ekwendeni ndi pa Enukweni, imakhotera kumadzulo pa Bwengu, n'kuwoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa musanafike pa boma la Rumphi. Kuchoka apo msewu umayamba kuvuta, ndipo chigawo chomaliza ndi cha fumbi m'chilimwe ndi cha matope m'dzinja. Za ulendo wapamsewu ndilibe zambiri zonena: galimoto ndi yakale koma yosamalidwa, dalaivala sathamanga, ndipo tiyi ndi mandasi zimene amapereka panjira n'zokwanira kuti munthu afike masana asanadandaule njala.

Chimene munthu amalipirira kwenikweni ndi maso ndi makutu a wotsogolera. Kazuni ndi nyanja yosaya imene imasefukira mvula ikagwa n'kuphwa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo pofika Okutobala imakhala itasiya matope aakulu m'mphepete mwake, opondedwapondedwa ndi mvuu, njovu ndi njati. Munthu wosazolowera akayang'ana matopewo amaona akakowa, atsekwe ndi nantchengwa, n'kuganiza kuti waona zonse. Wotsogolera wathu, mnyamata wodekha amene anaphunzira ntchitoyi poyenda ndi akatswiri a mbalame obwera kudzachita kafukufuku, anatiimika pamalo poti dzuwa likhale kumbuyo kwathu, anaimika telesikopu pa miyendo yake itatu, ndipo anatiuza kuti tiyang'ane pamzere pamene madzi akumana ndi matope osaphethira. Patapita kanthawi matope aja anayamba kuyenda, chifukwa panali timbalame tambirimbiri totuwa, tofanana ndi dothi lenilenilo, timene maso athu anali kungotidumpha.

Vuto la mbalame zimenezi n'lakuti zikakhala kuno sizivala nthenga zake zokongola. Pafupifupi zonse zimakhala zotuwa pamsana ndi zoyera kumimba, moti amene amadalira mtundu wa nthenga pozisiyanitsa amatopa msanga n'kubwerera kukaona mvuu. Apa ndi pamene ndinaona kuti mnyamatayu ntchito amaidziwa. "Bambo, nthenga zisiyeni kaye," anandiuza motsitsa mawu, "yambani ndi miyendo, kenako mlomo, kenako muone mmene ikudyera." Ndi njira imeneyo anatiphunzitsa kuzindikira Wood Sandpiper, imene imapezeka kwambiri m'madambo a madzi opanda mchere muno mu Africa, ndi miyendo yake yachikasu chobiriwira, timadontho toyera pamsana ndi kamzere koyera kodutsa pamwamba pa diso. Common Sandpiper ndi yamiyendo yaifupi, siisiya kugwedeza kumbuyo kwake ngakhale itaima, ndipo ikadzidzimuka imauluka chapafupi ndi madzi mapiko ataumitsa. Greenshank ndi yokulirapo, mlomo wake ndi wopindikira m'mwamba pang'ono, ndipo ponyamuka imalira katatu motsatizana, kulira kumene wotsogolera wathu ankakumva ife tisanaione n'komwe mbalameyo. Marsh Sandpiper imafanana nayo, koma ndi yocheperako, yamiyendo yowonda kwambiri ndi mlomo wowongoka wopyapyala.

Kumene anachedwerapo kwambiri ndi pa mbalame ziwiri, ndipo ndinaona kuti anachita bwino. Yoyamba ndi Ruff, imene imasokoneza anthu ambiri chifukwa tambala wake ndi wamkulu kwambiri kuposa thadzi, moti ziwirizo zikaima pamodzi munthu angalumbire kuti ndi mitundu iwiri yosiyana, ndiponso miyendo yake imatha kukhala yofiirira, yachikasu kapena yobiriwira. Ikakhala kuno siilira n'komwe. Koma atambala omwewo akafika kwawo mu Meyi amamera nthenga zazikulu kuzungulira khosi, aliyense mtundu wakewake, n'kumasonkhana pabwalo limodzi kuvinira ndi kumenyana pamaso pa mathadzi. Yachiwiri ndi Little Stint, kambalame kosaposa mpheta kukula kwake, kamene nthawi zambiri sikakwana magalamu 30, ndipo kamajompha matope mofulumira ngati singano ya makina a telala wa pakhonde la sitolo. Kambalame kameneka kamaswera m'zigwa zopanda mitengo za kumpoto kwa Scandinavia ndi Siberia, ndipo kuti kafike kum'mwera kwa Africa kamauluka mtunda umene ungafike makilomita 10,000, kenako n'kubwereranso chaka chisanathe.

Wotsogolerayu sanangotchula mayina, koma anafotokozanso chifukwa chimene mbalame imavutikira ulendo wotere, ndipo anafotokoza m'Chichewa chomveka, osaloweza za m'buku. Kumpoto kumene zimaswera, nyengo yofunda ndi yaifupi, koma dzuwa sililowa usiku wonse ndipo tizilombo touluka timaswana mosaneneka, choncho mbalame imaikira mazira ake anayi pansi, anapiye n'kuyamba kudzifunira okha chakudya akangoswedwa. Chisanu chikayandikira, nthaka imauma gwaa ndi madzi oundana, mlomo sungalowe, ndipo njala imazithamangitsira kum'mwera, kumene matope amakhala ofewa ndi odzaza ndi mphutsi, nyongolotsi ndi tinkhono. Chimene chinadabwitsa aliyense pagulu lathu n'chakuti makolo amanyamuka poyamba, ana n'kutsatira pambuyo paokha, popanda wowalondolera njira imene sanayendepo chibadwire. Zambiri mwa zimene zimafika kuno zimatsata chigwa chachikulu cha Rift Valley, chimene nyanja ya Malawi ili chakumapeto kwake, zikupuma ndi kudya m'nyanja ndi m'madambo a panjira.

Ndiyeneranso kuyamikira kukhulupirika kwake. Otsogolera ena amafuna kusangalatsa kasitomala, ndiye kadontho kalikonse kotuwa kamene kaoneka kutali amakapatsa dzina la mbalame yosowa. Uyu, pamene mayi wina pagulu lathu anafunitsitsa kuona Curlew Sandpiper, yamlomo wopindikira pansi, imene chiwerengero chake chikutsika padziko lonse, anayang'ana nthawi yaitali n'kunena mosabisa kuti, "Amayi, imeneyo ndi Ruff yaikazi, tisadzinamize." Anasamalanso kutisiyanitsira alendo ndi eni mudzi, chifukwa pamatope omwewo pamakhala Three-banded Plover, Blacksmith Lapwing, Black-winged Stilt ndi African Jacana, zimene zimaswera konkuno ndipo sizidziwa njira ya ku Siberia. Munthu wobwera yekha akanaziphatikiza zonse pamodzi.

Tsopano nkhani ya mwezi, imene ndi dandaulo langa lalikulu. Chikalata chawo chimatsatsa kwambiri ulendo wa mu Malichi ndi Epulo, umene amautcha wotsanzikana ndi mbalame, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Imeneyi ndi nthawi imene kumpoto kwa dziko lapansi chisanu chikutha, mbalame zimadya mwakhama kuti zikundike mafuta a ulendo, ndipo zina zimayamba kusintha nthenga: Little Stint imafiirira kumutu ndi pamsana, Curlew Sandpiper imayamba kufiira ngati njerwa yowotcha, ndipo atambala a Ruff amaoneka ndi mawanga akuda pachifuwa. Alendo a ku Ulaya amazolowera kuti miyezi imeneyi ndiyo ya mbalame zam'matope, ndipo achinyamatawa anangotengera kalendala ya makasitomala awo. Koma madzi a Kazuni satsatira kalendala ya ku Ulaya. Mu Malichi mvula imakhala itadzaza nyanjayo mpaka m'udzu, matope aja amamira, ndipo mbalame zimabalalika m'zithaphwi ndi m'madambo osawerengeka amene dzinja latsegula dera lonselo. Titapita nthawi imeneyo tinaona Wood Sandpiper zowerengeka ndi Common Sandpiper imodziimodzi, udzu unali wautali, msewu unali woterera, ndipo nthawi yabwino ya m'mawa inathera pokankha galimoto. Wotsogolera yemweyo anavomereza kuti zimenezi amazidziwa, koma amene amalemba zotsatsira ndi kulandira ndalama ku ofesi ndi munthu wina. Sichilungamo kulandira ndalama za ulendo wa ku Kazuni mu Malichi osamuuza kasitomala kuti matope ali pansi pa madzi.

Amene akufuna kuona mbalame zochuluka pamalo amodzi apite pakati pa Seputembala ndi Novembala, mvula isanayambe. Zikuluzikulu zimayamba kufika mu Ogasiti, chiwerengero chimakwera m'miyezi yotsatira pamene ana a chaka chomwecho akufikanso, ndipo nthawi yomweyo madzi amakhala ataphwa moti chilichonse chofuna kudya kapena kumwa chimasonkhana pa Kazuni. Kutentha kwake n'koopsa kwa ife ozolowera kuzizira kwa Mzuzu, koma mphotho yake ndi yaikulu, ndipo njovu zobwera kudzamwa madzi zimakhala ngati basela.

Kwa amene mtima wawo uli pa nthenga zofiira za mu Epulo, ulendo wawo wachiwiri ndiwo woyenera, ngakhale kuti iwo eni sautsatsa mokwanira. Umatsika msewu wa ku Nkhata Bay, kudutsa m'minda ya mitengo ya labala, n'kukaima m'minda ya mpunga ya ku Limphasa ndi pamathiriro a mitsinje chakumwera kulowera ku Chintheche. M'minda ya mpunga madzi amakhala osaya ngakhale m'dzinja, ndipo m'ndime zimene mpunga sunatseke, Wood Sandpiper ndi Ruff zimadya pafupi ndi anthu popeza zinazolowera alimi. Pagombe, makamaka pamene mtsinje wasiya mchenga wosakanikirana ndi matope, mungapeze Common Sandpiper, Greenshank ndi Ringed Plover, kuphatikizapo White-fronted Plover imene ndi ya konkuno. Mbalame sizichuluka ngati pa Kazuni mu Okutobala, koma msewu ndi wa phula, ulendo ndi waufupi, ndipo palibe ndalama zolowera pageti. Ndinakondanso mmene wotsogolera ankalowera m'minda ya eni: ankayamba wapereka moni kwa alimi, kupempha chilolezo choyenda m'mizere, ndi kuwapatsa ana mpata woyang'ana mu telesikopu. Ana ena amene anali ndi malegeni m'khosi anakhala nafe nthawi yaitali akufunsa ngati n'zoona kuti kambalame kakang'ono chotero kachokera ku Russia.

Pa zipangizo, zabwino ndi zoipa zasakanikirana. Telesikopu yawo ndi yabwino, imakuza chinthu kuyambira ka 20 mpaka ka 60, ndipo popanda iyo ulendo wa mbalame zam'matope ulibe tanthauzo, chifukwa mbalamezi zimakhala kutali pabwalo losabisika pamene simungaziyandikire. Koma ndi imodzi yokha, ndipo gulu likapitirira anthu asanu mzere umatalika moti mbalame imauluka ena asanaione. Magalasi oonera patali amene amabwereketsa ndi osiyanasiyana: awiri kapena atatu ndi a 8x42, kutanthauza kuti amakuza ka 8 ndipo galasi lake lakutsogolo ndi la mamilimita 42, amene ndi oyenera ntchitoyi, koma otsalawo ndi otchipa, ena ali ndi nkhungu mkati chifukwa cha chinyontho cha Mzuzu, ndipo amodzi ankaonetsa zinthu ziwiriziwiri mpaka kupweteketsa mutu. Muziwayesa musanakwere galimoto, osadikira kukafika kudambo. Buku la zithunzi za mbalame ali nalo limodzi, lothaitha, ndipo ndi bwino kuika pulogalamu ya Merlin, yothandiza kuzindikira mbalame, mu foni yanu mudakali m'tauni, popeza netiweki kumeneko njosadalirika.

Nthawi yonyamukira ndi nkhani ina imene ayenera kuikonza. Dzuwa likakwera, mpweya wotentha umayamba kunjenjemera pamwamba pa matope, ndipo telesikopu imakuza kunjenjemerako pamodzi ndi mbalame, moti pofika cha m'ma 10 koloko m'chilimwe simungasiyanitsenso mlomo wowongoka ndi wopindika. Choncho mphindi iliyonse yotayika m'mawa ndi yamtengo wapatali, koma galimoto imazungulira kutola makasitomala ku Katoto, ku Luwinga ndi ku Chibavi, kudikira aliyense pageti pake. Akanasankha malo amodzi okumanirana, kapena kulimbikitsa anthu kukagona ku Rumphi kapena ku Kazuni komweko usiku wake, phindu la ulendowu likanawirikiza. Amene angakwanitse kugona kumeneko achite zimenezo, chifukwa amapezanso madzulo, pamene kuwala kumakhala kofewa ndipo mbalame zimadya mwakhama.

Pa chitetezo sindinapeze chowadzudzula. Mu Vwaza simuloledwa kuyenda pansi popanda mlonda wa nkhalango wonyamula mfuti, ndipo iwo amakonzeratu zimenezi. Mlondayo ndi amene amanena pamene muime, chifukwa m'madzimo muli mvuu ndi ng'ona, ndipo njovu imatha kutulukira m'tchire mwakachetechete maso a aliyense ali pa telesikopu. Anatichenjezanso pasadakhale kuti tisavale zakuda kapena zabuluu, mitundu imene imakopa kashembe, ntchentche imene imafalitsa matenda a kaodzera, omwe amapezekadi m'madera ozungulira Vwaza. Malaya a manja aatali ndi thalauza zotuwa ndizo zoyenera, ndipo amene wamva malungo kapena waona chotupa pamene analumidwa atabwerako apite kuchipatala msanga n'kunena kumene anali. Ku minda ya mpunga analetsa aliyense kulowa m'madzi osavala jombo poopa likodzo.

Khalidwe lawo kwa mbalame zenizenizo ndilo linandichititsa kuwalemekeza koposa. Mnyamata wina wojambula zithunzi ankafuna kuti wina aombe m'manja kuti gulu la mbalame liuluke, iye ajambule. Wotsogolera anakana mwaulemu koma mosagwedezeka, n'kufotokoza kuti mbalame imene yangofika kumene yatha mafuta onse m'thupi, ndipo imene ikukonzekera kunyamuka ikusunga mafuta oti iwolokere chipululu, choncho kuiulutsa pachabe n'kuibera chakudya cha panjira. Lamulo lake ndi losavuta: mbalame ikasiya kudya n'kutukula mutu, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo.

Ali ndi mwayi wina umene sakuugwiritsa ntchito. Mbalame zimene amaona ulendo uliwonse amazilemba m'kope, koma kopelo limangokhala m'galimoto. M'Malawi munalembedwa mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo madambo amene amatchuka ndi a kum'mwera: nyanja ya Chilwa, imene inali yoyamba m'dziko muno kulowa m'ndandanda wa pangano la Ramsar loteteza madambo, limene linasainidwa ku Iran mu 1971, ndi Elephant Marsh ya ku Chigwa cha Shire, imene inalowa mu 2017. Madambo a kumpoto satchulidwa kawirikawiri, ndipo anthu amene amawayendera mwezi ndi mwezi ngati achinyamatawa ndi ochepa. Akanamaika zimene aona pa eBird, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalembapo mbalame zimene aona, kapena kulumikizana ndi bungwe loteteza zachilengedwe la WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi), limene limagwira ntchito muno ndi bungwe loteteza mbalame padziko lonse la BirdLife International, kapena kutenga nawo mbali pa kalembera wa mbalame zam'madzi amene wakhala akuchitika mu Januwale kuyambira 1967 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International, kope lawo likanathandiza kuonetsa ngati mbalame zikuchepa pamene madambo akusanduka minda ndi maenje oumbira njerwa. Zikanawathandizanso pa malonda, chifukwa alendo ambiri amayang'ana pa eBird asanasankhe kopita.

Mtengo sindiutchula, chifukwa umasintha ndi mtengo wa mafuta a galimoto, ndipo mafuta akasowa m'tauni ulendo umatha kuimitsidwa dzulo lake. Chofunika kudziwa n'chakuti amawerengera galimoto yonse, ndiye munthu mmodzi kapena awiri amalipira zowawa, pamene anthu anayi kapena asanu akagawana zimapepuka ndipo telesikopu imawakwanirabe. Ndalama zolowera ku Vwaza ndi za mlonda sizikhala m'kati mwa mtengo umene amakuuzani poyamba, choncho mufunsiretu kuti musakakangane pageti, ndipo munyamule chitupa cha unzika popeza Amalawi amalipira zochepa kuposa alendo akunja. Pa mtengo wa galimoto ndi wotsogolera amachotserako Amalawi pang'ono mukapempha, koma samanena okha. Polembetsa, funsani mafunso awiri musanatumize ndalama ya chikole: ngati wotsogolera amene adzapite nanu ndi wodziwa mbalame zam'matope, popeza pagulu lawo ena amadziwa kwambiri mbalame za m'nkhalango za ku Nyika ndi ku Viphya, ndiponso ngati wina wa iwo wafikako ku Kazuni m'masabata awiri apitawo n'kuona pamene madzi alekezera.